Jekete yakunja yosakira nyengo yozizira, ndigule iti abale?

MlenjeWachakaChachiwiri:

Moni alenje anzanga, ndithandizeni nzeru pang'ono chifukwa mutu waima. Chaka chino ndi chachiwiri ndikupita kosaka nyengo yozizira ndipo sindikufuna zija za chaka chatha zibwerezenso. Ndinagula chijekete chimodzi chachikulu chokhuthala, chija chokhala ndi zofunditsa mkati ngati bulangeti losokedwa mikono, mumtima ndimvekere basi nkhani ya kuzizira yatha. Tsiku loyamba tinanyamuka kusanache kunja kuli cha m'ma -5, tinakwera chitunda pafupifupi ola ndi theka chikwama kumsana mfuti paphewa, pofika pobisalira msana wonse unali thukuta lokhalokha, tisheti ya kotoni yomwe ndinavala mkati yonyoweratu. Ndinakhala pansi mwina mphindi 30 zokha kenako kunjenjemera kunayamba, mano gwegwegwe, zala zokanika ngakhale kukoka zipi, mnzanga anachita kundibweza kugalimoto 9 koloko isanakwane, gwape osamuona ngakhale mchira. Manyazi ake mpaka lero.

Panopa ndamva kuti nzeru ndi kusanjikiza zovala, chamkati, chapakati ndi chakunja. Zamkati ndapeza kale za merino (ubweya wofewa wa nkhosa), fleece (juzi yofewa ya poliyesita) yapakati ndili nayo. Pomwe ndasokonezeka ndi jekete yakunjayo. Ena akuti softshell (yofewa yotchinga mphepo), ena akuti hardshell (yosalowa madzi) ya nsalu yotchedwa Gore-Tex, ena akuti ubweya wa nkhosa basi zinazo ndi zachibwana. Ikhale yokhala ndi zofunditsa mkati kapena yopanda kanthu? Saizi nditenge yanga yomweyo kapena yokulirapo? Kasakidwe kanga ndi kosakaniza, m'mawa ndimayenda kenako nkukhala pansi maola awiri atatu, ndimasaka ndi mfuti koma ndikufuna kuyamba uta chaka chamawa. Chaka chino ndingakwanitse jekete imodzi yokha yabwino ndiye sindikufuna kuphonyanso.

MadalaWaMfutiYakale:

Aphwanga pepani ndi zomwe zinakuchitikiranizo koma musachite manyazi, tonse tinadutsa momwemo, ine ndinachita kawiri ndisanamve. Chinakugwetsani tsiku limenelo si kuzizira kwa kunja ayi, linali thukuta lanu lomwe. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mwachangu kuposa mpweya maulendo pafupifupi 25, ndiye tisheti ya kotoniyo itanyowa zinali ngati mwadzikulunga nsalu yoviika m'madzi ozizira, chijekete chija chimangophimba pamwamba basi. Kotoni imamwa madzi nkuwasunga, siuma msanga. Ndipo zomwe mukunenazo za zala kukanika zipi si zoseketsa, umu ndi mmene hypothermia imayambira, thupi likatsika kuchoka pa madigiri 37 kufika pansi pa 35 munthu amayamba kusokonezeka mutu osadziwa nkomwe kuti wasokonezeka, mfuti ili m'manja. Mnzanuyo mumuthokoze bwinobwino.

Tsono pa jekete yakunja. Ntchito yake ndi kutchinga mphepo, kutchinga mvula kapena sinowo, ndi kulola nthunzi ya thukuta kutuluka. Kukutenthetsani si ntchito yake. Chimene chimatenthetsa munthu ndi mpweya womwe wakodwa mkati mwa fleece kapena nthenga osayenda, thupi limautenthetsa iwo nkukhala pomwepo. Mphepo ikalowa imaukokolola mpweya umenewo nkubweretsa wina wozizira, thupi liyambirenso. Fleece payokha mphepo imadutsa ngati sefa. Kunja kukakhala -5 kenako kubwere mphepo ya makilomita 30 pa ola, pakhungu zimamveka ngati -13, ndiye mukuona kuti kansalu kopyapyala kotchinga mphepo kamagwira ntchito yaikulu kuposa mmene kamaonekera.

Ine ndikuti gulani yopanda zofunditsa mkati. Jekete yosokerera zofunditsa ili ngati wailesi yopanda pochepetsera voliyumu, mukaivala pokwera phiri mukupsa, mukaivula mphepo ikukupezani, palibe pakati. Yopanda kanthu mumasintha nokha zomwe zili pansi pake. Mmene ndimachitira ine, potuluka m'galimoto ndimavala merino ndi jekete yakunja yokha, nthawi zina fleece yopyapyala, ndipo ndimanyamuka ndikumva kuzizira ndithu mpaka kudandaula. Pakatha mphindi 10 kapena 15 ndikuyenda thupi lakhala bwinobwino. Mukanyamuka mukumva kufunda bwino dziwani kuti mwavala zambiri. Jekete ina yofufuma yotenthetsa, ija yodzaza nthenga kapena zofunditsa zopanga, imakhala m'chikwama, ndikangofika pobisalira ndimaivala nthawi yomweyo thupi likadali lotentha, osadikira kuti ndiyambe kaye kuzizidwa, chifukwa jekete sipanga kutentha imangosunga komwe muli nako. Ambiri amalakwitsa pamenepa, amakhala kaye ati ndipume thukuta liume, pofika poivala kutentha kwathawa kale.

Komanso chepetsani liwiro pokwera. Achinyamata mumathamanga ngati gwapeyo wakuuzani nthawi yokumana.

Pakati pa softshell ndi hardshell zimatengera nyengo yomwe mumasakira. Ngati ndi kuzizira kouma, sinowo wouma wongosasa ndi dzanja, softshell ndi yomwe mudzaivala tsiku lonse osaivula, imatambasuka, imapuma bwino, siichita phokoso kwambiri. Mvula yeniyeni ya maola angapo imalowa, pamenepo musanamizidwe. Ine ndimavala softshell kenako kajekete kamvula kopyapyala kamakhala kopinda pansi pa chikwama. Ndipo iliyonse yomwe mugule onetsetsani kuti ili ndi mazipi a m'khwapa, amenewo amatulutsa thukuta kuposa nsalu yodula iliyonse.

WaUtaMumtengo:

Madala mwanena zoona zambiri koma pang'ono pokha ndisiyane nanu, ndi ulemu wonse. Nkhani yoti jekete yokhuthala ndi yolakwika si nthawi zonse. Imatengera munthuyo akukhala pansi nthawi yaitali bwanji. Ine ndimasaka ndi uta pansanja ya mumtengo, ndimakwera kusanache kutsika masana, maola asanu kapena asanu ndi limodzi osasuntha, kumtunda kuja mphepo imakupeza mbali zonse ndipo thupi la munthu wongokhala limapanga kutentha kochepa kwambiri poyerekeza ndi loyenda. Pamenepo softshell ndi ka fleece sizikwana olo pang'ono, ndinayesa, ndinatsika mumtengo miyendo ngati si yanga. Ndimagwiritsa chijekete chokhuthala chenicheni chokhala ndi zofunditsa komanso chotchinga mphepo mkati, kusiyana kwake ndi koti sindiyenda nacho chili m'thupi, ndimachimangirira pachikwama nkukavala ndafika. Ndiye achimwene chijekete chanu chakale chija musachitaye, cholakwika sichinali icho, munangochivala nthawi yolakwika ndi kotoni pansi pake.

Koma chomwe ndalowera pano kwenikweni ndi phokoso, poti mwati mukufuna kuyamba uta. Ndi mfuti nyama mumaiombera ili patali mamita 100 kapena kuposa, jekete ikachita khwakhwa pang'ono mwina mupulumuka. Ndi uta gwape amakhala pa mamita 20 kapena 30, m'nkhalango muli zii kopanda mphepo, ndiye mukweze mkono kukoka uta jekete ichite tswee ngati jumbo, basi wapita, mungoona mchira. Hardshell zambiri zokwerera mapiri zili choncho, ndipo kukazizira kwambiri nsaluyo imauma gwaa phokoso limawonjezekera. M'sitolo simungamve chifukwa mumakhala mofunda komanso mwaphokoso. Ine ndimati tengani jeketeyo mupite pakona pachete, khudzitsani mkono ndi m'mbali ngati mukuyenda, kandani ndi zikhadabo ngati nthambi, mverani. Zakunja kofewa ngati kaubweya ndi zomwe zili chete. Vuto lake zofewazo zimakola zomata za m'tchire ndipo zikanyowa zimalemera nkuchedwa kuuma, palibe yabwino mbali zonse. Zomatira zija za khwaaa pamatumba ndi pamikono zipeweni kapena muzidule, mabatani achitsulo ogogoda pauta chimodzimodzi.

Amene akukuuzani za ubweya wa nkhosa si amisala ayi. Palibe chovala chachete ngati ubweya, umatha kumwa chinyezi pafupifupi 30 peresenti ya kulemera kwake usanamveke kunyowa ndipo umafundabe, sununkha thukuta msanga, komanso mukakhala pafupi ndi moto tinthethe sitiubowola pomwe nayiloni ndi poliyesita zimasungunuka nthawi yomweyo kabowo katswii. Koma ndi wolemera man, ukanyoweratu umakhala ngati mwanyamula mwana kumsana ndipo suuma usiku umodzi, ndipo ngati sanaluke mothinana mphepo imadutsa. Woyenda mtunda wautali kukwera zitunda sindingamuuze kuti agule umenewo.

Zina ziwiri za uta. Mkono wa jekete ukakhala wofufuma nsinga imaumenya poponya, muvi umapita kwina ndipo phokoso lake ngati mbama, ndiye mkono wogwira utawo uzikhala wothina kapena muumange. Ndipo ngati mudzakwere mumtengo pezani jekete yokhala ndi kabowo kumsana kotulutsira chingwe cha lamba wodzitetezera kuti musagwe, lambayo amavalidwa mkati chingwe nkutulukira pamenepo, apo ayi mudzayamba ulesi womuvala ndipo ulesi umenewo ndi womwe umathyola anthu misana.

ChemwaliWaAbakha:

Kkkk achimwene onse awiri akulankhula ngati mvula kulibe padziko. Ine ndimasaka abakha m'madambo, madzi pansi madzi kumwamba, ndipo ndikuuzeni kuti tsiku loopsa kwambiri si la -10 louma ayi, ndi la madigiri 2 kapena 3 pamwamba pa ziro kukuwaza mvula ndi mphepo. Tsiku limenelo softshell imagwira ola limodzi kenako mapewa anyowa, fleece yanyowa, mwabwerera pomwe munali chaka chatha. Ndiye achimwene ofunsa, musanasankhe yambani mwakumbuka masiku omwe munasaka chaka chatha, angati anali onyowa? Ngati ndi ambiri, jekete yanu imodziyo ikhale hardshell basi, phokoso mudzalipirira, ziliponso zakunja kofewa zopangira alenje.

Za Gore-Tex si matsenga. Mu 1969 Bob Gore anakoka mwamphamvu pulasitiki ya PTFE nkupeza kuti yatambasuka kukhala kansalu kodzaza timabowo tating'onoting'ono, dontho la madzi silikwanamo koma nthunzi imadutsa. Makampani ena alinso ndi zawo zogwira ntchito mofananamo, dzinalo lisakutengeni mtima. Koma mawu oti imapuma musawamve ngati ndi neti, nthunzi imatuluka pang'onopang'ono ndipo imatuluka bwino pokhapokha mkati mukakhala motentha ndi mwachinyezi kuposa kunja. Munthu wokwera chitunda ndi chikwama amatulutsa thukuta lochuluka kuposa lomwe nsalu iliyonse ingatulutse, nchifukwa chake a madala anena za mazipi a m'khwapa ndipo pamenepo ndikuvomereza ndi manja awiri.

Poyang'ana pa kapepala, nambala ija ya 10,000 mm ikutanthauza kuti nsaluyo imapirira madzi oimikidwa m'paipi kutalika mamita 10 isanayambe kudontha. Zimamveka zambiri koma malamba a chikwama akamapanikiza pamapewa tsiku lonse kapena mukatsamira pamtengo wonyowa madzi amakankhidwira mkati, ine pansi pa 20,000 sindidalira pa mvula ya tsiku lonse. Itembenuzeni muone misoko, yonse ikhale yomatidwa tepi mkati, zina amamata ya m'mapewa yokha ina nkusiya. Za 3-layer, zomwe kansalu kotchinga madzi kali pakati pa nsalu yakunja ndi ina yamkati, zimakhalitsa kuposa za 2.5 zomwe zilibe nsalu yeniyeni yamkatiyo, zija za 2.5 ndi zopepuka koma kamkati kamayamba kusupuka pakhosi ndi pamapewa ndipo zimamatirira pakhungu.

China chomwe anthu amataya nacho majekete abwinobwino, kunja kwa nsalu amapaka mankhwala otchedwa DWR omwe amachititsa madzi kugubuduzika ngati pa nthenga za bakha. Akatha mphamvu ndi litsiro, mafuta a m'thupi ndi utsi, nsalu yakunja imamwa madzi, nthunzi imasowa potulukira, mkati mumanyowa ndi thukuta lanu lomwe inu nkumati jekete ikudontha. Siikudontha, yada. Ichapeni ndi sopo wake wa zovala zoterezi, osathira mankhwala ofewetsa zovala aja, kenako muiike m'makina oumitsira pa moto wochepa mphindi 20, kutenthako kumadzutsa DWR. Zikakanika mugule yopopera mupakenso. Anthu amaopa kuchapa ati iwonongeka, pomwe kusachapako ndi komwe kumaiwononga.

Ndipo jekete yofufuma ya m'chikwama ija, ngati kuli konyowa musatenge ya nthenga. Nthenga za tsekwe kapena bakha ndi zopepuka ndipo zimafunda kuposa chilichonse pa kulemera komweko, koma zikanyowa zimamatana nkukhala timabulu, kufunda ziro. Zopanga ngati PrimaLoft anazipangira asilikali a ku America m'ma 1980 pa chifukwa chomwechi, ankafuna chofunda ngakhale chanyowa.

MlenjeWachakaChachiwiri:

Zikomo kwambiri madala, achimwene ndi achemwali, ndaphunzira zambiri kuposa zomwe ndinafunsa. Ndawerengera masiku a chaka chatha monga mwanenera achemwali, mwa masiku 9 omwe ndinapita mvula inandipeza kawiri kokha, enawo kunali kouma ndi mphepo. Ndiye zikuoneka kuti softshell yachete ndi kajekete kamvula m'chikwama, chijekete chakale chija ndichimangirira kumbuyo monga a WaUta. Koma pa saizi palibe wandiyankha. Komanso yofufumayo ndizivala pansi pa jekete yakunja kapena pamwamba? Ndipo mtundu, ndi zoona kuti popanda kamofulaji gwape amakuona?

Kalulu_77:

Ine ndimasaka ndi juzi yomwe agogo anasiya ndipo nyama ndimabwera nayo, inu mukuwerenga manambala pa kapepala kkkk. Koma zoona za thukutazo, ndimanyamula chamkati china chouma m'jumbo nkusintha ndikafika pamwamba, mphindi imodzi yozizira koopsa kenako mtendere tsiku lonse.

MadalaWaMfutiYakale:

A Kalulu zosinthazo ndi nzeru zenizeni, ine ndimachitanso pa maulendo aatali.

Aphwanga pa saizi musagule poyerekeza ndi nambala ya malaya anu. Pitani kokayesa mutavala merino ndi fleece zomwe mudzasakire, osati tisheti yokha. Nthawi zambiri zimathera pa saizi imodzi yokulirapo koma makampani amadula mosiyana, ena anasiya kale malo a zamkati ndiye mukakwezanso mukhala ngati mwavala thumba. Mukaivala kwezani manja onse m'mwamba muone ngati m'munsi mukukwera kusiya chiuno pamtunda, tambasulani manja kutsogolo ngati mwagwira mfuti muone ngati kumsana kukukoka ndi mikono kuthawa pamfundo za manja, khalani pansi, gwadani. Kumbuyo ikhale yotalikirapo yophimba matako mukakhala. Ikathina imafinya zofunditsa zamkati, mpweya uja ndanena umasowa pokhala, ndipo m'khwapa mukathina magazi sayenda bwino zala zimayamba kuzizira. Ikakula kwambiri mphepo imalowera pansi nkumapopa kutentha kunja mukamasuntha, ndiye chingwe chokokera m'munsi chikhalepo.

Yofufumayo kukakhala kouma valani pamwamba pa zonse, musavutike kuvula jekete yakunja pamphepo nkutaya kutentha komwe mwakuvutikira pokwera, okwera mapiri amachita chomwecho akaima. Kukakhala mvula ndi pomwe imalowa pansi pa kajekete kamvula, ndiye kajekete kamvulako ndi komwe kayenera kukhala kakakulu kuposa zonse.

Chomwe anthu amaiwala ndi mfuti. Mukasanjikiza zovala zinayi paphewa mfuti imakankhidwira kutsogolo, diso limatalikirana ndi sikopu (kagalasi koonera patali ka pamfuti), pomwe sikopu zambiri zimafuna diso likhale pa masentimita 8 mpaka 10, ndiye mukakweza mwachangu mumangoona mdima kuzungulira kachithunzi kakang'ono pakati, kapena kumbuyo kwa mfuti kumakola pathumba la pachifuwa isanafike paphewa. Ine zinandichitikira nyama itaima bwinobwino kundidikira. Kayeseni kuombera chandamale mutavala zonse zomwe mudzavale tsikulo, nyengo yosaka isanayambe. Hudi nayo muione, ikhale yoti mukatembenuza mutu itembenukire limodzi osati inu kuyang'ana mkati mwake, ndipo dziwani kuti imatseka makutu, ine ndimavala chipewa ndi chapakhosi, hudi ndimakweza mvula ikavuta basi.

WaUtaMumtengo:

Za mtundu ndiyankhe ine. Maso a gwape ali ndi mitundu iwiri ya timaselo toona mtundu pomwe ife tili ndi itatu, buluu amamuona bwino kwambiri makamaka m'bandakucha ndi chakumadzulo, koma olenji ndi zofiira kwa iye ndi zofuwirira chabe zosasiyana kwambiri ndi tchire. Ndiye jinzi ya buluu ndi yoipa kuposa jekete ya olenji, ndipo sopo zija zowalitsa zovala muzipewe pochapa zosakira chifukwa zimasiya kuwala kobiriwira ngati buluu. Jekete yabulauni, yotuwa kapena yobiriwira mofuwa imagwira ntchito bwinobwino, chomwe chimakugulitsani kwa gwape ndi kusuntha ndi fungo, mphepo ikachokera kumbuyo kwanu kupita kwa iye olo mutavala kamofulaji yodula bwanji wapita. Abakha a achemwali ndi nkhani ina, mbalame zimaona mitundu kuposa ife tomwe, kumeneko kubisala ndi nkhope yomwe.

Onaninso malamulo a komwe mukusaka, malo ambiri nyengo ya mfuti amalamula kuvala olenji wowala kuti alenje anzanu akuoneni, ena amanena ndi kukula kwake komwe. Ayenera kukhala kunja kwa zonse, ndiye kavesiti ka olenjiko mugule kakakulu kokwana pamwamba pa chijekete chanu chokhuthala chija, chifukwa mukafika pobisalira nkuvala chijeketecho pamwamba pa vesiti mwabisa olenji yense pa nthawi yomwe mwakhala chete m'tchire momwe anthu ena ali ndi mfuti.

MlenjeWachakaChachiwiri:

Eee za vesitizo sindikanaziganiza, yanga ndi yothina ndithu singakwane pamwamba pa chijekete chija. Loweruka ndikayesa ma softshell nditavala zonse, ogulitsa andiseke kaya. A WaUta, mkono wothina uja mwanena, mumamanga ndi chani, pali chogula kapena lasitiki wamba amagwira?